Mantha nawonso ali ndi adiresi

Mu Lusaka munthu akakufunsani kuti "Mukhala kuti?", nthawi zambiri safuna njira ya kwanu. Afuna kudziwa ngati abise foni m'thumba. Ife a ku Kaunda Square timawasokoneza pang'ono, cifukwa kwathu si kumayadi, komanso ena amakana kuti ndi komboni. Koma wa taxi amadziwa mbali yotiika: ikakwana 22 awazi, mtengo umakwera, kapena amati galimoto yafa.

Mapu a mantha amenewa sanayambe ndi ife. Pamene Lusaka inakhala likulu mu 1935, mzinda unagawidwa potengera khungu. Azungu anatenga malo okwera a ku Ridgeway, kumene kuli mphepo yabwino ndi mitengo. Amwenye anali ca ku Kamwala. Munthu wakuda anali wanchito cabe, woyenda ndi citupa, wogona kuseri kwa nyumba ya bwana kapena ku Kabwata ndi Chilenje, pambuyo pake ku Matero. Amene analibe malo anamanga pa mafamu a azungu, n'cifukwa cake mpaka lero tili ndi makomboni a maina ngati George, John Laing ndi John Howard. Maina a eni nthaka, osati a anthu amene anaumba njerwa.

Ufulu utabwera mu 1964, citupa cinatha ndipo anthu anakhamukira mu tauni. Kaunda Square inabadwa patapita zaka zocepa: boma linadula maploti, n'kuika misewu ndi mipopi ya madzi, ndipo makolo athu anamanga okha, cipinda cimodzi caka cino, cina caka camawa. Azungu ambiri anacoka, m'nyumba zawo munalowa anthu akuda anzathu. Koma mzere uja unatsala pomwepo, ungosintha mwini. Tsopano uli ndi wall fence, waya wamagetsi pamwamba ndi galu.

Cimene cimatiseketsa ndi ici. Kabulonga ili pafupi ndi Kalingalinga ndi Mtendere, mtunda woyenda pansi. M'mawa uliwonse anthu amawoloka mzerewo. Mlonda wa pa geti ndi wa komboni. Mayi amene asunga makiyi a nyumba yonse, amene abereka mwana wa bwana kumsana tsiku lonse, ndi wa komboni. Masana amamukhulupirira ndi zinthu zawo zamtengo wapatali koposa. Dzuwa likalowa, kwawo kwa mayi yemweyo kumasanduka malo amene mwana uja adzauzidwa kuti asapondeko.

Sitikuti kwathu kulibe akawalala. Aliko. Majunkies amalanda mafoni pa siteshoni, ndipo malaiti akapita timayenda awiri awiri. Koma kuno ukakuwa kuti "kawalala!" zitseko zimatseguka, ngakhale amayi a tomato amathamanga ndi mtiko. Kuseri kwa mpanda wautali uja ungakuwe mpaka mawu kutha, woyandikana naye sadziwa ngakhale dzina lako. Kuthamanga kwathuko kuli ndi coipa cake. Mu 2020, pa nthawi ya gassing, magulu a anthu m'madera ambiri a dziko lino anapha anthu ongowaganizira, ena cifukwa cakuti nkhope zawo zinali zacilendo.

Ndipo mzerewo sulekera ku Kabulonga. Pano pa Stage One ndi Stage Two pali eni nyumba amene mnyamata wofuna cipinda ca renti akanena kuti acokera ku Chibolya kapena ku Kanyama, amamuyang'ana kuyambira ku nsapato, n'kumuuza kuti cipinda catengedwa dzulo.