Kalata kwa Mwana Wopita Kukakonza Makina Onyamula Katundu ku Limbe

Kwa mwana wokondedwa,

Kalata ino yalembedwa ku Chitakale, m'boma la Mulanje, ndi bambo amene anakalambira mu wekishopu ya fakitale ya tiyi, ndipo ikupita kwa mwana wawo amene wamaliza maphunziro a umakaniko ndipo akuchoka pakhomo kukayamba ntchito yokonza mafokolifiti m'nyumba zosungiramo katundu ku Limbe. Za mowa, za anzake oyenda nawo ndi za kasungidwe ka ndalama, amayi ake ndi amalume ake anena kale pamaso, choncho bambo ake asankha kulemba za ntchito imodzi yokha, yochotsa silinda ya haidiroliki yowonongeka n'kuikapo ina, popeza ndi ntchito yooneka yophweka imene imapundula ngakhale amisiri okhwima.

Tiyi amene anayamba kubzalidwa ku esiteti ya Lauderdale m'chaka cha 1891, ndipo lero wakuta tsinde la phiri la Mulanje kuchokera ku boma mpaka ku Muloza, amachoka m'mafakitale ali m'matumba osanjikizidwa pa mapaleti, ndipo paleti imodzi imatha kupitirira tani. Ku Limbe, kumene kuli msika wa tiyi, katundu ameneyu amatsitsidwa ndi kukwezedwa ndi fokolifiti, galimoto yaing'ono yokhala ndi mafoloko awiri achitsulo kutsogolo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, pamene mvula imachulukitsa masamba, fokolifiti ikaima tsiku limodzi malole amandandana pageti, ndipo maso a aliyense amakhala pa makaniko.

Silinda ndi chitsulo chamgolo chimene mkati mwake muli pisitoni, chimbale chothina chomwe chimayenda uku ndi uku, ndipo ku pisitoniyo kumalumikizidwa ndodo yosalala yonyezimira imene amisiri amaitcha rodi. Pampu ikatumiza oyilo mumgolomo, oyilo, amene sapanikizika ngati mpweya, amakankha pisitoni, rodi n'kutuluka n'kukweza katundu. Mfundo yake anaifotokoza Blaise Pascal wa ku France m'zaka za m'ma 1600, kuti kukankha kumene kwachitika pa chamadzimadzi chotsekeredwa kumafika mofanana paliponse mkatimo, ndipo Joseph Bramah wa ku England anaigwiritsa ntchito pa makina opsinja zinthu m'chaka cha 1795. Kukankha kumeneku, kumene m'wekishopu amangoti puresha, kumayezedwa mu ma bar. Tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi ma bar 2 kapena kuposerapo pang'ono, pamene fokolifiti yonyamula katundu imadutsa ma bar 100 mosavuta, ndipo pisitoni ya masentimita 8 mulifupi ikakankhidwa pa ma bar 100 imanyamula pafupifupi matani 5.

Chimene bambo ake akufuna kuti chikhazikike mumtima mwa mwana n'chakuti katundu amene ali m'mwamba pa fokolifiti yozimitsidwa sanakhale pa chitsulo ayi, wakhala pa oyilo wotsekeredwa ndi valuvu, ndipo amene wamasula nati imodzi ya paipi watsegulira oyiloyo njira. Mafoloko sachenjeza akamagwa. N'chifukwa chake mwana asadzalowetse dzanja, mutu kapena phazi pansi pa chinthu chilichonse chimene chaimikidwa ndi oyilo yekha, ngakhale ntchitoyo ikhale ya kamphindi, ngakhale folomani aimirire pambali akuloza wotchi. Makina aimikidwe pamalo athyathyathya, handibuleki ikokedwe, matayala apingidwe ndi matabwa, mafoloko atsitsidwe mpaka agunde pansi, injini izimitsidwe, ndipo kiyi alowe m'thumba la ovolosi ya makanikoyo, pakuti kiyi wosiyidwa pagalimoto amaitana dalaivala amene sakudziwa kuti kutsogolo kuli munthu. Akatero, aseweretse zogwirira zonse kutsogolo ndi kumbuyo kangapo kuti puresha yotsalira ibwerere m'thanki. Ngati ntchito ikufuna kuti masiti, chimango chachitsulo chimene mafoloko amakwererapo, ikhale yokwera kapena yopendekeka, imangidwe ndi tcheni cholimba kapena ichirikizidwe ndi mitanda yochindikala, osati njerwa, chifukwa njerwa imaphwanyika mwadzidzidzi.

Oyilo wothawa pa kabowo kakang'ono ngati ka singano amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu. Bala lake limaoneka ngati la munga wa mthethe ndipo poyamba silipweteka kwenikweni, koma oyilo amakhala walowa mkati mwa mnofu, ndipo akachedwa kuchotsedwa ndi madokotala chala chimafa n'kudulidwa. Pofufuza pamene pakudontha, mwana agwiritse ntchito chidutswa cha katoni, ndipo ngozi yotereyi ikachitika athamangire ku Queen Elizabeth Central Hospital nthawi yomweyo n'kukanena momveka kuti chamubaya ndi oyilo wa makina.

Asanamasule chilichonse, atsuke pamalo polumikizira mapaipi, popeza fumbi la tiyi limamata pa oyilo n'kupanga phala lofiirira, ndipo kamchenga kamodzi kolowa m'paipi kamayenda mpaka ku pampu ndi ku mavaluvu, zipangizo zodula kuposa silindayo. Aike chizindikiro pa paipi iliyonse ndi penti kapena kachingwe, chifukwa masilinda opendeketsa masiti amalandira oyilo mbali zonse ziwiri, ndipo mapaipi akasinthanitsidwa chogwirira chimachita zosiyana ndi zimene dalaivala akufuna. Nati imasulidwe pang'onopang'ono, nkhope ili kumbali, beseni lili pansi, ndipo kukamwa kwa paipi yomasulidwa kutsekedwe ndi chitsekerero choyera. Silinda imangidwe pa tcheni bulooko mapini asanachotsedwe, pakuti kulemera kwake kumaonekera pamene pini yomaliza yatuluka.

Za mapini bambo ake akhalapo pang'ono. Anagwirapo ntchito ndi mmisiri wina waluso, munthu amene ankadziwa vuto la pampu pongomvetsera kulira kwake, yemwe tsiku lina analowetsa chala cha mkombaphala m'bowo la pini kuti amve ngati mabowo alunjikana, silinda n'kutsetsereka pang'ono chabe pa tcheni. Chalacho chinatsala m'bowomo. Mabowo amalunjikitsidwa ndi chitsulo chosongoka, ndipo pini yokakamira imatulutsidwa ndi hamala kudzera pa chitsulo chofewa kuti mutu wake usafutukuke.

Mmisiri wofulumira amataya silinda yakale pakona n'kuthamangira yatsopano, koma yakaleyo ndi imene imaulula chimene chinaipha. Masili, mphira zozungulira zimene zimatseka oyilo kuti asadutse pambali pa pisitoni kapena pa rodi, amatha okha pakapita nthawi, koma akang'ambika msanga pamakhala chifukwa. Mwana ayendetse chikhadabo pa rodi: chikakodwa pa mkwasa kapena pa timabowo ta dzimbiri, ngati tija timabwera pa makina ogona panja m'mvula ya ku Mulanje, masili atsopano nawonso adzang'ambika. Rodi yopindika imasonyeza kuti makina ankasenzetsedwa mopitirira muyeso wolembedwa pa kachitsulo kake, kapena kuti anagunda khoma. Oyilo wotuwa ngati mkaka walowa madzi, wakuda ndi wonunkha chopserera watenthedwa, ndipo pa zonsezi oyilo ndi sefa yake ziyenera kusinthidwa, apo ayi silinda yatsopano idzafa imfa ya inzake.

Silinda yatsopano iikidwe pambali pa yakale, ziyezedwe zonse: kutalika ikatsekeka, mtunda umene rodi imatuluka, kukula kwa mabowo a mapini ndi mazinga a polumikizira mapaipi. Zofanana pamaso zimasiyana pa tepi. Pamene mwana akukayika, afunse amene anamutsogolera pantchito kapena atsegule buku la makinawo, pakuti safunsa anadya phula. Mapini apakidwe girisi, zotsekera zake zibwezeretsedwe zonse popanda kulowetsapo msomali, ndipo manati amangidwe pa muyeso wake, chifukwa kumanga ndi paipi yotalikitsira sipanala kumathyola mazinga. M'thanki muthiridwe oyilo wa nambala imene buku latchula, kaya 32, 46 kapena 68, osasakaniza ndi wa injini. Kenaka makina alizidwe opanda katundu, silinda iyendetsedwe pang'onopang'ono mpaka kumapeto kangapo kuti mpweya wotsalira utuluke, popeza mpweya umachititsa mafoloko kudumphadumpha. Pomaliza akweze paleti pang'ono, azimitse injini, aone ngati mafoloko akutsika okha, ndipo pa masilinda opendeketsa aonetsetse kuti onse awiri akufika kumapeto nthawi imodzi kuti masiti isapotoke. Oyilo wakale asungidwe m'diramu, asathiridwe m'ngalande, pakuti mwana wakulira m'mbali mwa mitsinje ya Likhubula ndi Ruo akudziwa kuti kumunsi kwa ngalande iliyonse kuli mayi wotunga madzi.

Lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la m'chaka cha 1997 linaika pa wolemba ntchito udindo woteteza antchito ake, ndipo lamulo la chipukutamisozi la m'chaka cha 2000 limanena za kulipira wovulala, koma bambo ake sanaonepo ndalama imene inameretsa chala. Mwana watsopano pantchito amaopa kutchedwa waulesi, ndipo mantha amenewo ndi amene amamulowetsa pansi pa mafoloko osachirikizidwa. Akauzidwa kuti afulumire, ayankhe mwaulemu kuti akudikira tcheni, ndipo ngati ntchito itatha chifukwa cha yankho limenelo, abwerere kumudzi, pakhomo pali chakudya.

Amayi ake aika m'chikwama nsapato zachitsulo ndi magalasi oteteza maso zimene bambo ake anapuma nazo pantchito. Akafika ku Limbe aimbe foni, ndipo silinda yoyamba akadzaisintha yekha adzalembe kalata yofotokoza chimene anapeza pa rodi yakale.

Ndi bambo ake,
ku Chitakale, Mulanje.