Mwana wophunzitsidwa kukana

M'zaka za m'ma 1980, wolemba nkhani ino ali kamnyamata kumudzi kwawo ku Dedza, munthu wamkulu aliyense ankatha kumutuma. "Iwe, tathamanga ukandigulire machesi!" Iye ankagwada, kulandira ndalama ndi manja awiri, n'kuliyatsa liwiro. Kufunsa munthu wamkulu kuti ndinu yani unali mwano wofunika kamkwapulo. Zomwe agogo ake ankamuchenjeza zinali zina: chitsime chosavindikira, mtsinje wa Linthipe ukadzadza, fisi wa chisisira.

Tsiku lina mng'ono wake sanaoneke mpaka nsima inazizira. Mayi anathamangira kwa anyakwawa, mnyamata wina anakwera pachulu kukuwa dzina la mwanayo, abambo anayatsa miuni ya udzu kulowera kudambo. Anakamupeza ali mtulo tofa nato pansi pa nkhokwe ya eni ake, makoko a mtedza ali mbwee. Za polisi palibe anaziganiza. Kupolisi kunali kutali, ndipo ofufuza anali mudzi womwewo.

Lero bamboyu amakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri akumuphunzitsa zimene zikanamukwapulitsa iye kale. Nambala ya foni ya amayi ake anailoweza pamtima asanadziwe n'komwe kuchulukitsa. Kabaza wokwera ndi mmodzi yekha, yemwe makolo anapangana naye. Wina akabwera pageti la sukulu kuti "amayi ako andituma," yankho ndi ayi, ngakhale munthuyo akhale wa nkhope yodziwika.

Pa nkhope yodziwikapo ndiye povuta. Kuyambira kumapeto kwa 2014, pamene kuba ndi kupha anthu achialubino kunakula m'dziko muno, zinadziwika kuti ena mwa oganiziridwa anali achibale enieni a ana obedwawo. Ozembetsa ana kukaweta ng'ombe kapena kukagwira ntchito m'minda ya fodya nawonso sabwera ndi chikwanje; amabwera ndi malonje ndi lonjezo la sukulu. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu linabwera mu 2015, pamwamba pa lija losamalira ndi kuteteza ana la 2010, koma lamulo siliperekeza mwana panjira yakusukulu.

Mwana akasowa masiku ano, chulu chija ndi WhatsApp. Mphindi zochepa chithunzi chafika pagulu la mpingo, la makolo, la m'dera, wina wathamangira kupolisi, wina waimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Liwiro lake n'losiririka. Chokhumudwitsa n'chakuti mwana akapezeka, ochepa amakumbukira kulengeza, ndiye chithunzicho chimangozungulirabe miyezi, mwini wake ali phee m'kalasi.

Mwezi watha mayi ake a bamboyu anabwera kudzacheza. Mnansi wina, bambo waulemu wake, anaima pakhomo n'kuuza kamtsikanako kuti kamuperekeze kugolosale akakagulire switi. Iko kanagwada bwinobwino, n'kunena kuti, "Ndiyambe ndafunsa adadi."

Agogo anaika kapu ya tiyi pansi. "Kodi mwanayu mukumulera bwanji, wokanira akuluakulu?"

Bamboyu anayamba kufotokoza, koma anapeza kuti akulankhula maso ali pansi, manja atawapinda kumbuyo.