Nyumba ya amayi ku Iponga: tinakambirana eni ake akadali moyo

Pali funso limene ambirife timaopa kuliponya pa gulu la WhatsApp la pabanja: kodi nyumba ya makolo idzakhala ya ndani? Ukangolitchula, wina amati ukuwafunira imfa. Ndiye timangoti zii mpaka tsiku la maliro, pomwe abale amayamba kulimbirana makiyi anthu asanabalalike n'komwe pasiwa.

Kwathu ndi ku Iponga m'boma la Karonga, kufupi ndi chipata cha Songwe cholowera ku Tanzania. Nyumba yathu yakale inang'ambika ndi zivomezi za mu Disembala 2009. Imene ilipo lero, ya njerwa zootcha ndi malata, inamangidwa ndi ndalama zimene ankatumiza achimwene anga ochokera ku Johannesburg. Bambo anatisiya kale. Amayi akuyandikira zaka 70, miyendo ikuwavuta, ndipo kumunda wa mpunga sapitanso. Amene amawaphikira, kuwatungira madzi ndi kuwaperekeza kuchipatala ndi achemwali anga, omwe anabwerera pakhomo ndi ana awiri banja lawo litatha. Ine mzime ndili ku Lilongwe, thandizo langa limathera pa foni.

Pa mwambo wathu wa Ankhonde, mwana wamkazi akalowoledwa amapita kwa mwamuna, ndipo malo amatsata ana aamuna. Choncho aliyense ankadziwa kuti nyumbayo ndi ya achimwene. Koma amayi anali ndi maganizo ena, ndipo anawanena okha tsiku lina achimwene ataimba foni.

"Amayi, malata amenewo si ndinagula ndine?" anatero achimwene.

"Unagula, mwana wanga, ndipo ndimathokoza. Koma iwe uli ndi pogona. Mlongo wakoyu ine ndikapita alowera kuti ndi anawa?"

Panalibe wolakwa apa. Wina anaika ndalama zake m'nyumbamo, wina akuikamo zaka zake. Ine, poti amati ndinapita kusukulu, anandituma kuti ndifufuze zimene malamulo akunena.

Choyamba, malo a kumudzi sasinthidwa umwini ndi mawu a pa foni. Ndi malo a makolo, ndipo mfumu iyenera kudziwa. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola munthu kapena banja kulembetsa malo otere kudzera ku komiti ya malo yomwe wapampando wake ndi gulupu, ndipo mwa anthu 6 osankhidwa mu komitiyo, osachepera atatu ayenera kukhala amayi.

Chachiwiri, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, aamuna ndi aakazi omwe. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Wilo imayenera kulembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zisakhale anthu odzalandirako kanthu. Mwini wake atha kuisintha nthawi iliyonse akadali moyo.

Mfundo yomalizayi ndi imene inatithandiza. Achemwali akanatha kupatsidwa nyumbayo pompopompo, koma tonse tinaonapo kumudzi gogo atapereka nyumba kwa mwana, kenako n'kusanduka mlendo wogona kukhitchini mwanayo atakwatira kapena atakongola ndalama kwa akatapila. Kupereka nyumba ndi chikondi, koma kholo lisamatsale manja lende. Tinagwirizana kuti nyumbayo ikhalabe ya amayi mpaka Mulungu atawatenga, kenako idzakhale ya achemwali ndi ana awo. Munda wa mpunga udzakhala wa achimwene. Ine ndinati sindifuna kanthu, bola ndikamabwera pa Khirisimasi ndizipeza mkeka.

Pepala lokha silikanakwanira. Malowo ndi a kuchimuna, kwa malemu bambo, ndiye amayi anaitanitsa abambo aang'ono, azakhali ndi a nyakwawa. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, achimwene akumvetsera pa foni, ndipo amayi anabwereza mawu awo m'Chinkhonde kuti pasadzakhale wonena kuti sanamve. Abambo aang'ono anang'ung'udza kuti zimenezi si za kwathu, koma a nyakwawa anangowafunsa ngati iwo angawatenge anawo n'kukawasunga. Sanayankhe.

Sindinama kuti zonse zili myaa. Achimwene anakhala miyezi iwiri osaimba. Koma mkwiyo wawo anaulankhula kwa amayi enieniwo, amayi n'kuwayankha, mpaka anamvana. Akanadikira maliro, mkwiyo womwewo ukanagwera achemwali, popanda wowaikira kumbuyo.

Ngati makolo anu ali ndi nyumba kumudzi, musawafunse kuti idzakhala ya ndani. Afunseni kuti iwo akufuna chiyani, ndipo muwasiye ayankhe okha abale onse akumva.