Wowerenga amene sakweza dzanja

Pali wowerenga wina amene ku yunivesite sanatiphunzitse kumulembera. Sakweza dzanja, sakanda mutu, sapita pa desiki ya mnzake kukafunsa kuti apa akutanthauzanji. Ukamupatsa malangizo amawerenga m'kamphindi n'kuchita zomwe zalembedwazo, ndipo pamene wolemba anasiya mpata amadzazapo yekha, molimba mtima ngati analipo tsiku lolembalo. Ndikunena agent wa AI, pulogalamu imene simangoyankha mafunso koma imalowa yokha mu database, kufufuza, nthawi zina n'kusinthamo zinthu.

Ndimagwira ntchito ku Area 11, m'nyumba yokhalamo imene anaisandutsa ofesi, moti desiki yanga ili m'chipinda chomwe kale chinali chogona ana. Bungwe lathu ndi laling'ono. Tili ndi mulu wa malipoti a zaulimi ochokera m'maboma, ndipo abwana akufuna kuti alangizi azifunsa pa foni, agent n'kumawayankha kuchokera m'malipotimo. Ganizoli si lachilendo kuno kwathu. Mu 2024 a Opportunity International anayambitsa Ulangizi pa WhatsApp, woyankha alimi m'Chichewa potengera buku la boma la malangizo a zaulimi. Ine anandipatsa kagawo kakang'ono: ndiwerenge ma docs a chida chotchedwa pgvector, ndinene ngati tingachidalire.

Chidachi amachiwonjezera pa PostgreSQL, ndipo Andrew Kane anachitulutsa mu 2021. Ndime iliyonse ya lipoti imasandutsidwa mndandanda wa manambala oimira tanthauzo lake. Funso likabwera nalonso limasanduka manambala, kenako kompyuta imafunafuna ndime zoyandikana nalo. Ndime zikachuluka kufufuzako kumachedwa, ndiye pamafunika index, imene ili ngati mlozera wa kumapeto kwa buku. Kungoti mlozera wa m'buku suphonya tsamba, pomwe index ya mtundu uwu imangoyerekeza. Imathamanga chifukwa siyang'ana paliponse.

Ma docs ake ndi tsamba limodzi lalitali pa GitHub, lopanda zithunzi, louma ngati chimanga cha mu Juni. Zimenezo sizinandivute. Funso langa linali limodzi basi: kodi akundiuza malo amene chidachi chidzalephera mwakachetechete? Kulephera kochita phokoso n'kosavuta, uthenga wofiira ukatuluka ngakhale agent amabwerera m'mbuyo. Choopsa ndi yankho looneka bwinobwino koma loperewera.

Apa pgvector inandisangalatsa. Index ya HNSW, yomwe inabwera mu 2023, ukapanda kusintha kalikonse imayamba yatola ndime 40 zoyandikana ndi funso, ndipo kusefa kumachitika pambuyo pake. Olembawo sanabise. Anachita kuwerengetsera kuti ngati sefa yako ikugwira ndime 10 pa 100 zilizonse, uzipeza ndime zinayi zokha mwa 40 zija. Ndinatenga cholembera n'kuyesa ndi zathu. Maboma a Malawi alipo 28. Tingoyerekeza kuti malipoti agawikana mofanana, mlangizi akafunsa za boma limodzi apeza ndime imodzi kapena ziwiri. Koma sagawikana mofanana. Malipoti athu a Lilongwe ndi Kasungu ndi ambirimbiri, a Likoma ndi Neno ndi owerengeka. Mlangizi wa ku Likoma akhoza kufunsa za matenda a chinangwa, yankho lili m'nkhokwe momwemo, koma zotsatira n'kubwera zopanda kanthu. Munthu angadabwe n'kuyesanso. Agent amangolemba mwaulemu kuti pepani, nkhani imeneyi mulibe m'malipoti. Mlangizi uja sangadziwe kuti wanamizidwa.

Chinanso chimene ndinachikonda chili pa index inayo, ya IVFFlat. Imeneyi imagawa ndime m'magulu potengera zomwe yapeza mu tebulo panthawi yoimanga, choncho ukaimanga tebulo lili lopanda kanthu magulu ake amakhala osalongosoka. Ma docs amachenjeza, komanso chidacho pachokha chimatulutsa chenjezo panthawi yomweyo. Kwa agent limenelo ndiye chenjezo la phindu, chifukwa limamupeza ali pa ntchito, osati pa tsamba limene mwina sanalitsegule.

Pamenepo ndi pamene ndinapezanso chofooka. Chenjezo la kusefa lija lili m'gawo lakelake, kumunsi, kutali ndi chitsanzo chomangira index chimene aliyense amakopera. Mnzanga wamkulu pa ofesi, amene wakhala akusamalira ma database kuyambira ine ndili ku sekondale, sanaone vuto. “Achimwene, si zalembedwa? Amene sanawerenge mpaka pansi ndi zake zimenezo.” Ndinawayankha kuti, “Zoona akulu, koma uyu sawerenga mpaka pansi. Amapatsidwa zidutswa, ndipo chidutswa cha chitsanzo chimabwera chokha.” Agent ambiri amafufuza ma docs mofanana ndi momwe tikufuna kufufuzira malipoti athu, amatola ndime zochepa zooneka zoyandikana ndi funso. Jeremy Howard anapereka ganizo la llms.txt mu Seputembala 2024, fayilo yolozera ma AI kumene kuli zofunika pa webusaiti. Ndi ganizo labwino, koma kulozera tsamba sikusuntha chenjezo kuti likhale pafupi ndi chitsanzo.

Mtundu wa 0.8.0, wa chakumapeto kwa 2024, unabweretsa njira yoti index izipitiriza kufufuza mpaka zotsatira zikwane. Koma imabwera yozimitsa, uyenera kuiyatsa wekha, ndipo kuti uiyatse uyenera kudziwa kaye kuti vutolo lilipo.

Kwa abwana ndinalemba tsamba limodzi. Ma docs ndi oona ndipo chidacho tichigwiritse ntchito. Malangizo a agent wathu tilembe tokha, chenjezo lililonse likhale pamzere womwewo ndi lamulo lake, ndipo akapeza zochepa azinena kuti sanapeze, osati kuti kulibe. Ndinawonjezera kuti pa kuchuluka kwa malipoti athu panopa, index yoyerekezayi sitikuifuna n'komwe. Index wamba ya B-tree pa dzina la boma ikukwana, kenako kompyuta iyang'ane ndime zonse za bomalo, imodziimodzi. Abwana anawerenga ataima pakhomo, n'kufunsa kuti kuchedwa kwake kukhala kotani. Tinayesa masana omwewo ndi mafunso khumi a ku Likoma. Palibe amene anaona kuchedwa, ndipo ndime ya chinangwa ija inatuluka.