Minibasi ya masentimita 20

Mwana aliyense wa kuno ku Chileka amadziwa kupinda waya n'kutulutsa galimoto. Amaimangirira chiwongolero chachitali chofika m'chiuno, kenako liwiro m'tinjira ta m'mudzi, pakamwa pakugwira ntchito ya injini. Nanenso ndinayambira pomwepo. Anzanga atakula anasiya, ine ndinapitiriza, ndipo chimene chinachotsa ntchito yanga pa masewera n'kuifikitsa pa umisiri ndi tepi yoyezera. Masana ndimakhoma ndowa ndi mbaula, ndiyo ntchito yondidyetsa. Madzulo ndi Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ndimakhala pakhonde ndi magalimoto anga.

Mwana amapanga galimoto ya m'mutu mwake, ine ndimapanga inayake imene ilipodi, yokhala ndi nambala, mwini wake ndi zipsera zake. Kuti zimenezi zitheke pamafunika sikelo. Yanga ndi 1:24, kutanthauza kuti chilichonse cha pa galimoto yeniyeni ndimachigawa ndi 24. Minibasi ya Toyota Hiace, yotalika pafupifupi mamita 4.7, imatuluka masentimita osakwana bwino 20. Land Rover yakale ija ya 109 inatenga dzina kuchokera pa mtunda wa pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo, womwe ndi mainchesi 109. Amenewo ndi masentimita 277, ndiye pa benchi panga amasanduka 11.5. Kontena ya mafiti 40 imafika masentimita 51, n'chifukwa chake thiraki yonse ndi ngolo yake imadya malo aakulu pashelefu, ndipo mayi a kunyumba amafuna ndiwauziretu ndisanayambe ina.

Masamu amenewa si ovuta, mwana wa Sitandade 6 akhoza kuwachita. Chovuta ndi kusanyengerera. Diso limakuuza kuti denga likwere pang'ono kuti galimoto ioneke bwino, kapena kuti mawilo akule kuti iziyenda msanga pamchenga. Ukangolimvera, munthu woyendetsa galimotoyo tsiku ndi tsiku amaiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Yakongola, koma si yanga." Mawu amenewo amapweteka kuposa kudzicheka ndi lata.

Koyezera kwanga ndi pa Lirangwe. Ndimakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kutenga ina ya msewu wa M1 kudutsa pa Lunzu. Msewu umenewu ndi wopita ku Zalewa, kumene ena amakhotera ku Mwanza pa ulendo wa ku Tete, Zimbabwe ndi Joni, ena n'kulunjika ku Balaka ndi Lilongwe. Choncho pa Lirangwe pamadutsa chilichonse: mathiraki a makontena, akasinja a mafuta, mabasi akuluakulu, maminibasi, malole a makala, timagalimoto ta Sienta todzaza mpaka kubuti, komanso mapikapu a matola otulukira msewu wa ku Chingale fumbi lili mbuu. Ndimatenga tepi, kope ndi pensulo. Foni imathandiza kujambula, koma chithunzi chimanama pa utali, pomwe tepi sinama.

Sungangofika n'kuyamba kuyeza galimoto ya mwini, angakuyese wakuba kapena wokhwima. Ndimayamba ndapereka moni kwa adalaivala, n'kutulutsa m'chikwama imodzi imene ndinamaliza kale. Bambo wina wachikulire woyendetsa pikapu ya matola anaitenga m'manja, n'kuitembenuza kuyang'ana kunsi. Sanayang'ane penti ayi, anafuna masipulingi.

"Achimwene, mwaikamo ndi awa omwe?"

"Eya bambo, tapanikizani ndi chala muone."

Atapanikiza, kumbuyo kunatsika n'kubwereranso. Anaitana kondakitala wake kuti andigwirire tepi, iwo n'kumandilozera okha: apa anawotcherera bampala itathyoka, apa chitseko chimamangidwa ndi legeni, nyali yakumanzereyi ndi ya galimoto ina. Zinthu zotere palibe buku limene lingakuuze, ndipo ndi zimene ndimapitira kumeneko.

Kunyumba ndimayamba ndi chimango. Waya wokhuthala wa mpanda ndimamuwongola pomukoka mozungulira mtengo, n'kumalizitsa ndi nyundo pa chidutswa cha chitsulo. Ndimajambula mbali ya galimoto pa katoni mu muyeso wake weniweni, ndipo waya aliyense ndikamupinda ndimamugoneka pa chojambulacho. Mbali ziwiri ndimazipinda limodzi, zitamangidwa pamodzi, kuti zisasiyane. Polumikiza ndimakulunga waya wopyapyala wa kopa wochokera m'mamota akupsa, kenako n'kudonthezapo mtovu. Chitsulo chosungunulira mtovu ndi chomwecho cha ndowa, chotenthetsa pa mbaula. Masipoko a njinga ndiwo ma ekiselo, chifukwa ndi owongoka kale ndipo sapindika wamba. Masipulingi aja ndimadula ku tepi yoyezera yakutha, timizere titatu kapena tinayi tosiyana utali, n'kutisanjikiza.

Pa waya ndinenepo mawu amodzi. Wanga ndimagula kwa ogulitsa zitsulo zakutha ku Ndirande ndi kwa okonza mamota amene ndimawadziwa. Mnyamata akabwera ndi kopa wonyezimira osanena bwino kumene wamutenga, ndimamubweza. Tonse tikudziwa mmene mudzi umakhalira mumdima anthu akaononga thiransifoma ya ESCOM, chigayo n'kuima, chipatala n'kuvutika. Galimoto yanga isakhale ndi gawo pa zimenezo.

Mawilo ndiwo amaulula mmisiri. Tayala la Hiace ndi la masentimita pafupifupi 70, ndiye pa sikelo yanga limafuna kungotsala pang'ono kukwana 3. Chotsekera cha botolo la Fanta chili pafupi pomwepo, n'chifukwa chake ana akhala akuchigwiritsa ntchito kuyambira kale osadziwa kuti akulondola masamu. Koma chotsekera pachokha chimaoneka chotsekera basi. Ine ndimadula mphira wa patapata wakutha mozungulira, n'kumubaya pa msomali, n'kumamuzunguza pa sandipepa mpaka atafika pa muyeso. Mizere ya tayala ndimaidinda ndi waya wotentha, umodziumodzi. Pakati ndimaikapo kachidutswa ka lata kozungulira koboola timabowo ta mabawuti. Ngati galimoto yeniyeni ili ndi tayala limodzi lakutha, langanso limodzi ndimalisiya losalala.

Thupi ndi la zitini za mkaka waufa ndi za mafuta ophikira. Ndimazitambasula, n'kuzipala mpaka lata litayera, kenako n'kudula ndi sizasi motsata mapepala amene ndayezera kale pa chimango. Denga la minibasi si lathyathyathya, lili ndi kamsana, choncho ndimalikhoma pang'onopang'ono pa thabwa losemedwa, ndi nyundo yamtengo kuti lisachite mabala. Magalasi ndi a mabotolo oyera a pulasitiki. Mipando ndi zidutswa za matiresi zokutidwa ndi nsalu zotsala kwa atelala. Nyali zakutsogolo zinandisowetsa tulo nthawi yaitali mpaka tsiku lina nditayang'anitsitsa paketi ya Panado yotha: timatumba tija mokhala mapiritsi n'tozungulira, n'toonekera, ndipo kumbuyo kwake kuli kale siliva wonyezimira. Chiwongolero chimakhala kumanja, monga mwa magalimoto athu. Pa zidole zochokera kunja nthawi zambiri chimakhala kumanzere, ndipo ana a kuno amazindikira msanga.

Penti amafuna mtima wodekha kuposa china chilichonse. Lata lopalidwa limagwira dzimbiri msanga, ndiye tsiku lomwelo ndimapaka penti wofiirira woteteza uja amapaka pa mageti. Akauma ndimapalanso mopepuka. Penti wa mtundu ndimapempha kapena kugula wotsalira kwa olemba zikwangwani, n'kumusungunula ndi thinala mpaka atapyapyala ngati phala la mwana wakhanda. Wokhuthala amakwirira mizere ya zitseko ndi timabawuti tonse timene wavutika nato. Bola kupaka kopyapyala katatu, uku ukudikira kuti aume, kusiyana ndi kamodzi kokhuthala. Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Mu Okutobala kuno kumatentha moti penti amauma pamwamba m'kati akali wamadzi, kenako amachita makwinya, ndiye ndimapaka m'mamawa dzuwa lisanakwere. Nthawi ya mvula kapena kukachita chiperoni amachedwa kuuma ndipo sawala. Fumbi ndiye mdani wa chaka chonse: ndikangomaliza kupaka ndimavundikira galimoto ndi katoni, ndipo ana amadziwa kuti katoniyo sakhudza. Polemba nambala ndi mawu a kumbuyo ndimagwiritsa ntchito nthenga ya nkhuku yosongoledwa, chifukwa burashi ya m'sitolo ndi yonenepa. Kulemba "Salimo 23" pa galasi losakwana masentimita 6 kumafuna kugwira mpweya.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anthu ambiri ondiona ndikugwira ntchito. Galimoto ikawala bwino, iwo amati yatha. Kwa ine yangofika pakati. Ndimatenga dothi la kumene galimotoyo imayenda, n'kulisefa pa nsalu, n'kulisakaniza ndi guluu wa matabwa ndi madzi pang'ono, n'kulipaka kunsi ndi kuseri kwa mawilo, kumene matope amagwera galimoto ikamathamanga. Mwaye wa koloboyi ndimaupaka pamwamba pa paipi ya utsi. Pa chogwirira chitseko ndi popondera okwera, pamene penti amatha ndi manja ndi mapazi, ndimakhuta pensulo kuti chitsulo chionekere. Pa lole ya makala ndimasoka timatumba, n'kuikamo makala enieni osinja, pamwamba n'kulukapo udzu monga amachitira owotcha makala, ndipo katunduyo amapendekera mbali imodzi. Mlamu wanga amati ndikuononga chinthu chokongola. Ine ndimati minibasi yopanda fumbi pa msewu wa Lirangwe sindinaionepo, ndipo ndikaipanga yotero ndanamiza amene adzaione zaka zikubwerazi.

Kunja ntchito imeneyi ndi yakale ndipo ili ndi makampani ake. Matchbox inayamba ku England mu 1953, Hot Wheels ku America mu 1968, ndipo timagalimoto tawo ta sikelo ya pafupifupi 1:64 timapezeka apo ndi apo m'kaunjika wa zidole. Kampani ya Tamiya ya ku Japan imagulitsa zidutswa zapulasitiki za sikelo ya 1:24 zoti munthu alumikize ndi kupenta yekha. Ndimaonera amisiri awo pa YouTube ndikakhala ndi bandulo, ndipo njira zina zokalambitsira penti ndinaphunzira kwa iwo. Ndimawapatsa ulemu. Koma m'mabokosi awo simudzapezamo pikapu ya matola yonyamula mbuzi, njinga ndi matumba a chimanga. Imeneyo ikapanda kupangidwa ndi ife, palibe adzaipange. Ndipo dziko linamva kale za luso la ana athu: mu 1990 Karen Lynn Williams, amene anakhalapo kuno ku Malawi, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata Kondi wofunafuna mawaya, ndipo likuwerengedwa m'sukulu za ku America. Chimandiwawa n'chakuti kwathu kuno mnyamata wotere akafika zaka 14 timamuuza kuti asiye zachibwana, m'malo momupatsa tepi.

Anyamata angapo a m'mudzi muno amabwera pakhonde panga Loweruka. Sindiwalola kugwira penti mpaka atadziwa kugawa ndi 24 ndi kudula mawilo anayi ofanana. Ena amatopa n'kubwerera ku mpira. Amene atsala amayamba kuona zinthu zimene poyamba ankangozidutsa: amabwera kudzandiuza kuti thiraki yakuti ili ndi ma ekiselo atatu kumbuyo, kapena kuti galimoto yokoka katundu pabwalo la ndege la Chileka ili ndi mawilo ang'onoang'ono kutsogolo. Mtsikana mmodzi anayamba chaka chatha, ndipo pa kulemba manambala waposa kale anyamata onse.

Ntchito imene ili pamtima panga tsopano ndi mabasi akale. Ife a zaka zathu tinakwera a United Transport Malawi, amene Stagecoach inawatenga mu 1989 n'kuwapaka zoyera ndi mizere yofiira, yaolenji ndi yabuluu, kenako anadzakhala Shire Bus Lines. Ana a lero sanawaonepo, ndipo palibe pamene ndingakaike tepi yanga. Chimango cha basi yoyamba ndayamba kale, koma kuti ndilondole mazenera, makwerero a katundu ndi zolemba za m'mbali ndikufuna zithunzi. Inu amene bambo anu kapena amalume anu anali dalaivala, kondakitala kapena makaniko wa mabasi amenewa, tafufuzani m'masutikesi ndi m'maalubamu. Chithunzi chojambulidwa cham'mbali kapena chakumbuyo ndicho chofunika kwambiri, ngakhale chikhale chofufuma. Mukadutsa ku Chileka funsani mmisiri wa ndowa wopanga timagalimoto. Ndidzachijambula pa foni pomwepo, inu n'kubwerera nacho chithunzi chanu.