Nyimbo Yopanda Mawu

Mnyamata wina wa ku Chikwawa atapita ku Glasgow kukachita maphunziro, adapeza malo ogona m'nyumba imodzi ndi mnzake wa komweko ku Scotland. Mnzakeyo adali wofatsa ndithu, koma adali ndi khalidwe limodzi lotopetsa. Madzulo aliwonse ankatsegula nyimbo za gulu lotchedwa Mogwai, n'kukhala duu pampando, maso atatsinzina. Tsiku loyamba mlendoyo adamvetsera mwaulemu kwa kanthawi, kenaka adafunsa kuti, "Kodi ayamba liti kuimba?" Mnzakeyo adangoseka, nati nyimbo yake ndi yomweyo.

Funsoli silidali lachibwana. Kwawo kwa mnyamatayu nyimbo ndi uthenga. Mayi wosinja pamtondo amaimba kuti dandaulo lake lifike m'makutu a mwamuna wake, ndipo woimba wa pawailesi amatchuka chifukwa cha zimene wanena. Choncho nyimbo yopanda mawu idali kwa iye ngati nsima yopanda ndiwo.

Nyimbo za mtunduwu zimatchedwa post-rock. Dzinali lidafala m'chaka cha 1994, pamene mtolankhani wa ku England, Simon Reynolds, adaligwiritsa ntchito pofotokoza chimbale cha gulu la Bark Psychosis chotchedwa Hex. Iye ankanena za oimba amene amatenga zida zodziwika kale, monga magitala ndi ng'oma, koma n'kuzipatsa ntchito ina yachilendo. Oimba ambiri sadalikonde dzinalo, komabe lidawakanirira ngati chisoso pachovala. Gulu la Mogwai lidayamba ku Glasgow mu 1995, ndipo chimbale chake choyamba, Young Team, chidatuluka mu 1997. Magulu ena otere ndi Godspeed You! Black Emperor la ku Montreal ndi Explosions in the Sky la ku Texas.

Kaimbidwe kake n'kosavuta kukafotokoza, kovuta ndiko kukapirira. Gitala mmodzi amayamba ndi kachidutswa kakafupi, n'kumakabwereza monong'ona. Wachiwiri amalowa pang'onopang'ono, ndipo timakina toponda ndi phazi timachititsa kulira kwa nsambo kuchedwa kuzilala, ngati mawu obwerera kuchokera kuphiri. Ng'oma zimakulira mobisa, mpaka womvera amangozindikira kuti chipinda chonse chadzaza ndi mkokomo wonga wa Shire atasefukira. Nthawi zina chenjezo silikhalapo. Nyimbo ya "Like Herod" imakwawa mwakachetechete kwa mphindi zingapo, mwakuti munthu amakweza wailesi kuti amve bwino, kenaka imaphulika ngati mphenzi. Mnyamata uja adataya kapu ya tiyi tsiku limene adaimva koyamba. Kunena zoona, magulu ambiri otsanzira adaitopetsa njira imeneyi, chifukwa mphenzi yodziwika nthawi yake sidzidzimutsa munthu.

Chimene chidayamba kumufewetsa mtima chidali mpira. Usiku wina awiriwa adaonera kanema wa mu 2006 wonena za Zinedine Zidane, yemwe nyimbo zake adapeka ndi a Mogwai. Pa 23 Epulo 2005, pamasewero a Real Madrid ndi Villarreal, makamera 17 adalondola munthu mmodzi yekhayo kuyambira pachiyambi mpaka pamene adatulutsidwa ndi khadi lofiira, masewero ali pafupi kutha. Chodabwitsa n'chakuti nthawi yambiri mpira sukhala kumapazi kwake. Amayenda, amaima, amakhula nsonga ya nsapato pa udzu, thukuta lili chuchuchu, maso ali tcheru. Pansi pa zonsezi magitala amangobwereza kachidutswa kawo. Mnyamatayo adaona kuti katswiri wamkuluyo ndi munthu wodikira, ndipo nyimboyo idali kudikira naye limodzi. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Adakumbukiranso anyamata oimba ulimba kwawo kuchigwa, amene amazunguliza kachidutswa kamodzi usiku wonse, ovina osatopa nako. Kubwerezabwereza ankakudziwa kale, kungoti kuno kudavala malaya ena.

Komabe nyimbozi adazimvetsa kwenikweni m'nyengo yozizira ya chaka chake chachiwiri. M'bandakucha wina foni idalira, ndipo mlongo wake adangoti, "Achimwene, bambo atisiya." Maliro adayenera kuikidwa mawa lake, pakuti kutentha kwa kuchigwa sikulola kudikira. Ndalama ya ndege adalibe, ndipo ngakhale akadakhala nayo, akadapeza manda atakwirira kale. Anzake a kutchalitchi adabwera kudzamupepesa, namuimbira nyimbo za maliro. Adawathokoza kuchokera pansi pa mtima. Koma mawu a nyimbozo ankamuuza kuti atonthole, pamene iye adali asadayambe n'kulira komwe. Mumtima mwake mudali zambiri zosalongosoka: mkwiyo, manyazi a mwana wamwamuna woyamba amene sadaponye dothi m'manda a bambo wake, ndiponso nkhani ya ng'ombe ziwiri zimene malemuwo adagulitsa kuti iye aphunzire.

Alendo atapita, adakhala yekha m'chipinda chochezera. Mnzake uja, posowa chonena, adatsegula nyimbo yotsiriza ya pa Young Team, yotchedwa "Mogwai Fear Satan", natuluka. Nyimboyi ndi ya mphindi 16. Magitala adayamba kuzungulira, ng'oma zikuthamanga pansi pake ngati mapazi a anthu ambiri. Sidamufunse kanthu, sidamulangize kanthu. Phokoso litafika pachimake, mnyamatayo adalira mokweza, monga amalirira amayi pasiwa, ndipo padalibe womumva chifukwa magitalawo adamuphimba. Mawu onse amene woimba sadaike m'nyimbomo adaikamo yekha, m'chinenero cha kwawo, ena okalipa, ena opepesa.

Kenaka mkokomo udaphwa ngati madzi obwerera mumtsinje. Padatsala ng'oma zapansipansi ndi chitoliro chimodzi chikulira chapatali, mpaka nacho chidazilala. Kunja chisanu chidali chitachita mbuu pamagalasi a magalimoto. Adapukuta nkhope, natenga foni imene adaiopa tsiku lonse, n'kuimbira kumudzi. Itayankhidwa, adamva kwaya ya amayi ikuimba chakumbuyo.

"Amayi," adatero, "ndine. Mwadyako kanthu?"