Chenjezo la GCC likadzaza â, compiler ilibe mlandu

Anzanga olemba mapulogalamu kumudziko, pali chizolowezi china chomwe sindigwirizana nacho. GCC ikatulutsa chenjezo, pamene pamayenera kuoneka ‘x’ n'kuoneka â€˜xâ€™, ambiri kwathu timalangizana kuti lembani LC_ALL=C zinyalalazo zichoke. Zimachokadi. Koma kuno ku Britain, kumene maseva ambiri amakhala pa en_GB.UTF-8, munthu akaona zotere amayamba wafufuza ngati encoding ya seva ikufanana ndi ya terminal. Ine ndikuona kuti njira yawoyi ndi yomwe ikutiyenera ife kuposa eni akewo.

Kuyambira pa GCC 4.0 mu 2005, locale ikakhala ya UTF-8, compiler imaika mayina pakati pa timakoma topindika. Kakoma kotsegulira kali ndi mabayiti atatu, E2 80 98. Terminal yoyembekezera Windows-1252 imawerenga bayiti iliyonse payokha n'kulemba zilembo zitatu, pomwe ya ISO-8859-1 imangoonetsa â, enawo osaoneka. Terminal ya PuTTY inkadzuka ili pa ISO-8859-1 mpaka 0.63 itatuluka mu 2013, choncho amene akadali ndi yakale, kapena session yomwe anasunga kalekale, adzakumana nazo basi. Uthenga wa GCC umachoka uli bwinobwino, umakasokonekera powerenga.

Wina anena kuti ndi timakoma chabe, chenjezo likuwerengeka, nthawi ndi yochepa. Mu script yomwe ikuyenera kutulutsa zofanana pa makina aliwonse, LC_ALL=C ndi yoyenera, sindikukana. Koma kuiika mu .bashrc kuli ngati kumata pulasitala pa chilonda chosatsuka. Kusagwirizana kuja kukadalipo, ndipo kudzatulukira pa zolemba zathu. Chilembo ŵ mulibe mu ISO-8859-1 ngakhale mu Windows-1252. Mu UTF-8 ndi C5 B5, ndiye pa terminal yolakwikayo Malaŵi amasanduka MalaÅµi. Mngelezi angathe kukhala nthawi yaitali osaona vutoli poti ASCII imamukwanira. A ku Wales, amene ali ndi ŵ ngati ife, sangalizembe. Inde, ambiri tinasiya kulemba kachipewa ka pa ŵ, koma m'Chitumbuka ndi m'mabuku athu akale kalimo mbwee, ndipo wokopera mayina otere pa terminal yosokonekera amawalowetsa mu database ali oonongeka.

Kukonza kwake sikutenga mphindi ziwiri. Lembani locale pa seva muone LANG ndi LC_CTYPE, kenako mu PuTTY pitani pa Window, Translation, musankhe UTF-8, musunge session.